Lembani dzina pa botolo wodwala akuona

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera mu nyuzipepala yanu, poti kudandaula pa windo la ku labotale kunangondipezetsa mawu akuti "mubwerenso Lachinayi."

Sabata yatha ndinaperekeza mayi anga ku kiliniki ya shuga ndi BP pa chipatala china cha boma. Tinalawirira, iwo asanadye kanthu monga anawalamulira. Wotenga magazi anali wachangu ndithu. Koma timabotolo tonse ankangotiimika m'kambale kachitsulo, topanda dzina, topanda nambala. Atamaliza anthu a pa benchi yonse m'pamene anatulutsa cholembera n'kuyamba kulemba mayina, akusuzumira m'mabuku a kuchipatala amene anawaunjika pambali. Nditafunsa, anati akukumbukira mmene anatisanjira. Ayi zikomo! Sindinkadziwa kuti boma masiku ano likulemba ntchito alosi, anthu oti akangoyang'ana magazi m'botolo amadziwiratu kuti awa ndi a agogo a duku lobiriwira, awa ndi a bambo otsokomola aja.

Kambale kaja kanakhala pa windo, dzuwa likuwomba, mpaka masana kudikira woti akanyamule. Mapeto ake botolo limodzi la mayi linabwezedwa akuti magazi aundana. Akanalekeranji kuundana? Botolo la chotsekera cha pepo lija lili ndi mankhwala oletsa magazi kugwirana, ndipo amafunika kulitembenuza pang'onopang'ono kangapo magazi akangolowa. Palibe amene analitembenuza.

Koma kubwezedwako ndikuti unali mwayi, chifukwa cholakwa chinaonekera. Chimene chikundisowetsa tulo ndi mabotolo amene sanabwezedwe. Makina sadziwa munthu. Mukawapatsa magazi a wina atalembedwa dzina la mayi anga, atulutsa zotsatira zooneka bwinobwino, dokotala adzazikhulupirira, adzawonjezera kapena kuchepetsa mankhwala, ndipo palibe adzadziwe. Ngakhale dzina litakhala lolondola, magazi akakhalitsa osayezedwa m'botolo lopanda mankhwala oteteza, shuga amatsika yekha chifukwa maselo amapitiriza kumudya. Maselo ofiira akaphulika chifukwa chokoka magazi mwankhanza kapena kuwakhutchumula, mchere wa m'magazi wotchedwa potassium umaoneka wokwera mwabodza. Nanga tiyerekeze kuti botolo losinthanitsidwalo ndi la mayi woyembekezera amene akufunika kuikidwa magazi. Pamenepo sitikukambanso za kubweranso Lachinayi, tikukamba za maliro, ndipo kumudzi adzati anamulodza.

Izi si nzeru zanga. Akatswiri a za labotale padziko lonse amavomereza kuti zolakwika zambiri zimachitika magazi, mkodzo kapena makhololo zisanafike n'komwe pa makina: potenga, polemba dzina, posunga ndi ponyamula. Mulingo wa ISO 15189, umene ma labotale athu amaulakalaka, umafuna kuti chilichonse choyezedwa chizidziwika mosakayikitsa kuti ndi cha ndani, komanso chinatengedwa liti. Ndondomeko ya SLIPTA ya bungwe la WHO kuno ku Africa imapereka nyenyezi mpaka 5 kwa labotale yochita bwino. Nyenyezizo zitithandiza chiyani ngati botolo lasokonekera kale pakhonde? Sindikukhulupirira kuti ku sukulu za zaumoyo monga Malawi College of Health Sciences kapena yunivesite ya KUHeS amaphunzitsa kusunga mayina a odwala pamtima. A Medical Council of Malawi, amene mumapereka ziphaso kwa ogwira ntchitowa, kodi mumafikako pa mabenchi pamene magazi amatengedwera, kapena mumathera mu ofesi ya mkulu wa chipatala?

Ndikudziwa adzati antchito ndi ochepa, odwala ndi ambiri. N'zoona. Koma kulemba dzina wodwala asanadzuke pampando kumatenga nthawi yochepa kuposa kumutenganso magazi kachiwiri, ndi jakisoni wina, botolo lina, magolovesi ena, zomwe akuti n'zosowa. Ndipo ndalama ya minibasi ndi kabaza yobwereranso amalipira ndi wodwala, osati wolakwitsayo.

Vutoli si la magazi okha. Funsani anthu a kumidzi amene amapereka makhololo a TB kapena magazi oyezera kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'thupi (viral load) pa zipatala zing'onozing'ono. Anyamata a njinga zamoto amayesetsa kudutsa nazo m'matope mpaka ku boma. Makina a GeneXpert amatha kutulutsa zotsatira za TB m'maola awiri okha, koma pepala lake kuti libwerere kwa mwini wake pamadutsa masabata, mwinanso amangomuuza kuti zinasowa, aperekenso. Uku n'kuti maphunziro a za ubwino wa ntchito sakutha m'mahotela a ku Mangochi ndi ku Salima, ma alawansi akulandiridwa, zithunzi zikujambulidwa.

A Unduna wa Zaumoyo, izi sizikufuna thandizo la mayiko akunja. Matani chikwangwani m'chipinda chilichonse chotengera magazi, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, chouza wodwala kuti asachoke asanaone dzina lake ndi nthawi zitalembedwa pa botolo. Labotale izilemba botolo lililonse lobwezedwa ndi wodi imene lachokera, ndipo ombudsman wa pa chipatala, wolandira madandaulo a odwala, aziona bukulo mwezi uliwonse.

Wodandaula