Kalata kwa Limbani: chimene chaziziritsa gulupu yathu

Aise Limbani,

Moni wochokera kuno ku Lizulu. Tonse tili bwino, kungoti kuzizira kwatipana, mphepo ija yochokera ku Tsangano ukuidziwa, mmawa manja kuchita kukanika kumanga thumba la mbatatesi. Ndikhulupirira ku Johannesburg kukuyenda ndipo ganyu ukuipeza.

Wandifunsa kawiri konse kuti bwanji gulupu ya anzathu a kusekondale ija yangoti zii, kale munthu umadzuka nkupeza mameseji 300 tikukangana za mafuta, za dola, za mtengo wa fetereza, pano kwangotsala ma Amen ndi mauthenga a maliro basi. Pafoni ndinakuyankha kuti anthu atanganidwa komanso bandulo yakwera. Zimenezo nzoona ndithu koma sizonse ayi. Anthu akuopa aise. Ndipo mantha akewo sanagwe kumwamba, mu 2022 munthu wina wa konkuno ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha zomwe analemba zokhudza pulezidenti mu gulupu ya WhatsApp, nkhani inatuluka mpaka m'manyuzi, ndiye kuchokera pamenepo aliyense akafuna kutayipa amayamba kaye wayang'ana kuti mugulupumu muli ndani. Lamulo lomwe amagwiritsa ntchito pa milandu yotere ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, lomwe ambirife timaganiza kuti labwera kudzathana ndi akuba a pa intaneti.

Iwe umakonda kunena kuti WhatsApp ndi yotseka palibe angawerenge. Eya, uthenga ukamayenda pakati pa foni yako ndi yanga umakhala wotsekedwa moti olo kampani ya netiweki singauwerenge, koma gulupu ya anthu 80 ndiye yotseka pati? Mmodzi yekha kungojambula sikirinishoti nkutumiza kwinakwake basi zatha. Izi ndi zimene zimandipweteka mtima kwambiri, chifukwa anthu tinagona hostelo imodzi, tinadyera limodzi nyemba zofumbwa zaka 4, lero tikuyang'anana ndi diso lokayikirana, ndipo olo patakhala kuti palibe kazitape aliyense mugulupumo, kungoganiza kokha kuti mwina alimo kwakwanira kale kutitseka pakamwa.

Ndiye pali zinazi zomwe sizifuna nkomwe sikirinishoti. Ukukumbuka kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017, tinaima pamzere ku sukulu ya pulayimale, a NRB, bungwe la boma lolembera anthu, kutijambula nkhope, kutenga zidindo za zala, anthu oposa 9 miliyoni analembedwa chaka chimenecho. Mu 2018 nkubwera zoti simu iliyonse ilembetsedwe, osalembetsa aiduladula. Pano ID yomweyo ndi ya ku banki, ya Airtel Money ndi Mpamba, ya fetereza wotsika mtengo, ya kalembera wa mavoti. Ine ID sindikuida, yathandiza anthu ambiri omwe analibe pepala lililonse losonyeza kuti ndi Amalawi, makamaka ife a m'malire muno amene mbali ina ya msewu wa M1 ndi Mozambique ndipo kale umachita kuvutika kutsimikiza kuti ndiwe wa kuno. Koma taganiza, nambala imodzi yokha yamangirira dzina lako, nkhope yako, foni yako, ndalama zako ndi komwe umavotera. Ndipo foni ikakhala yoyaka imalumikizana ndi tawa yomwe ili pafupi, ndiye kampani imakhala ndi kaundula woti nambala yakuti inaimbira yakuti, nthawi yakuti, mphindi zakuti, ili chakuti. Munthu safunika kumva zimene mwakambirana, kaundula yekhayo amuuza kuti Lachiwiri usiku unali ku Mlangeni, mmawa wake unaimbira loya, kenako mtolankhani. Funso langa ndi loti kaundula ameneyu amaloledwa kumuona ndani, ndipo amapempha kwa yani?

Funso limeneli silatsopano. Nthawi ya Bingu a MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, anagula makina aja otchedwa CIRMS ku kampani ya ku America ya Agilis International pa mtengo wa madola 6.8 miliyoni, anthu nkuwatcha makina a ukazitape. Iwo ankati ndi ongoyezera ngati makampani a foni akupereka netiweki yabwino komanso ngati sakubisa ndalama zomwe amapeza. Anthu anakamang'ala kukhoti, khoti lalikulu mu 2012 linawaletsa, koma la Supreme mu 2014 linatembenuza chigamulocho. Ndiye mu January 2025, chaka cha zisankho, tinamvanso kuti MACRA yomweyo ikufuna kugula makina ena a madola 1.5 miliyoni ku kampani ya ku Ghana ya Hashcom, akuti ounikira nkhani zabodza pa masamba a mchezo ngati Facebook. Mabungwe omenyera ufulu anakuwa ndithu. Ona bwino apa aise, oyamba anagulidwa ndi boma la DPP, enawa nkhani yake inabuka mu boma la MCP, ndiye usamandiuze kuti vuto ndi chipani chakuti. Aliyense akakhala kotsutsa amalira kuti akutimvetsera, akalowa m'boma makina omwe aja amawasunga bwinobwino, palibe ndi mmodzi yemwe amene anafikapo nkunena kuti zimitsani.

Malamulo otiteteza alipo, sindikukana. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limanena momveka kuti munthu asasechedwe chisawawa, iyeyo, nyumba yake kapena katundu wake, ndipo makalata ake ndi zolankhula zake za pafoni zisasokonezedwe. Mu 2024 tinakhalanso ndi Data Protection Act. Koma ukudziwa amene anapatsidwa udindo woyang'anira lamulo limenelo? MACRA yomweyo. Bungwe logula makina ounikira anthu ndi lomwenso ukadandauleko zinsinsi zako zikaululika, ndipo bodi yake amasankha ndi pulezidenti. Olo atakhala anthu abwino chotani, zimenezi sizinakhale bwino, pamafunika bungwe lina loima palokha loti lizitha kuwafunsa iwowo.

Atolankhani ndiye akuziona kale. Mu April 2022 apolisi anagwira Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism, kumulanda foni ndi kompyuta, kumukakamiza kuti aulule amene anamupatsa chikalata chomwe analembera nkhani yokhudza kampani za Zuneth Sattar, wamalonda amene ankaganiziridwa za katangale. Mu February 2024 analandanso mafoni ndi malaputopu a ogwira ntchito ku MBC oposa 10 pofufuza za tsamba lina labodza la pa Facebook. Foni ya mtolankhani ikalandidwa sikuti walandidwa iye yekha ayi, muli manambala a anthu onse amene anamukhulupirira, kalaliki wa ku khonsolo amene anaona ndalama zikusowa, nesi amene anaona mankhwala akutuluka pakhomo la kuseri, mawa anthu amenewa adzayankhulanso? Ndiye katangale uja timadandaula tsiku ndi tsiku adzaululidwa ndi ndani?

Bambo anga mpaka lero sakamba ndale pafoni, ukangoyamba amati tikambirana ukabwera. Kale ndinkaona ngati ndi zaukalamba chabe koma pano ndikuwamvetsa. Iwo anakula nthawi ya Kamuzu, imene makalata ochokera ku Theba ankafika atatsegulidwa nkumatidwanso, nthawi ya Special Branch, apayoniya ndi ayufi, popanda khadi la chipani sulowa mumsika, ndipo mawu amodzi oyankhulidwa pamowa amatha kukufikitsa ku Mikuyu kapena ku Dzaleka popanda kuzengedwa mlandu. Mlakatuli Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera kukhoti. Ndipo ife a ku Ntcheu nkhani imeneyi timaidziwa mbali zonse ziwiri, chifukwa Albert Muwalo amene anali mlembi wamkulu wa MCP ndi Focus Gwede amene ankatsogolera Special Branch onsewa anali akwathu konkuno, anthu ankanjenjemera pongomva maina awo, koma mu 1976 iwonso anamangidwa, Muwalo ananyongedwa mu 1977, Gwede anakhala m'ndende mpaka 1993. Chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Amene akusunga makinawa lero adziwe kuti mawa adzakhala m'manja mwa munthu wina amene sawakonda. Makolo athu pa 14 June 1993 anavotera nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, kuti zimenezi zithe, ndipo nthawi imeneyo kuti boma limve zimene wanena pankafunika munthu wa miyendo iwiri akutsatire, pano kazitape wake timamugula tokha, kumutchaja tokha pa sola nkugona naye kumutu kwa mphasa.

Ndikudziwa chimene uyankhe, chifukwa ndi chomwe amanena anthu ambiri pamsika pano, ati ngati sunalakwe ukuopa chani. Aise, munthu amene akumwa ma ARV ndipo sanauze abale ake walakwa chani? Mayi amene wathawa mwamuna womumenya nkukabisala kwa mchemwali wake ku Bawi, ndipo mwamunayo ali ndi mnzake woti atha kumuonera komwe foni ili, walakwa chani? Mphunzitsi amene wadandaula kuti malipiro achedwa? Chinsinsi si cha akuba okha. Ine sindikukana kuti apolisi azifufuza mafoni a zigawenga, amene amapha abale athu achialubino kapena kuba ndalama za anthu pafoni asakidwe ndithu, koma apite kaye kwa majisitireti akatenge chilolezo, chikhale cha munthu mmodzi, pa mlandu wodziwika, kwa nthawi yodziwika, osati kuunika mtundu wonse kuti mwina mupezamo wina. Ndiponso anatiuza kuti kulembetsa simu kuthetsa akuba a pafoni, koma mameseji aja oti ndalama ija tumizani pa nambala iyi akubwerabe mpaka lero.

Kumene uliko zinayendako bwino pang'ono pa nkhani imeneyi. Lamulo la RICA lija limene linakulembetsa simu utangofika, atolankhani a amaBhungane analitengera kukhoti, ndipo mu 2021 Constitutional Court inagamula kuti mbali zina za lamulolo nzosemphana ndi malamulo a dziko, mwa zina chifukwa munthu sankauzidwa olo kufufuza kutatha kuti ankamumvetsera, komanso kuti kumvetsera anthu mwachikhamu kulibe lamulo lokuloleza. Chimenecho ndi chomwe ndikufuna kuno. Chifukwa njira inayo tinaiona pafupi pompa, zisankho za ku Mozambique za October 2024 zitavuta boma linachepetsa intaneti ya pafoni ndi kutseka masamba a mchezo, anzathu a ku Angonia omwe timagulana nawo kabichi ndi mbatatesi amachita kusowa poyankhulira ndi abale awo a ku Maputo. Zambia inatsekanso WhatsApp tsiku lovota mu August 2021, Uganda inazimitsiratu intaneti yonse mu January chaka chomwecho. Boma likazolowera kusuzumira mufoni mwako silichedwa kuganiza kuti lingathenso kuizimitsa.

Koma tisamangoloza ku Lilongwe, tokhanso tikutayirira. Kwa ejenti timasiya dzina, nambala ya foni ndi siginecha mu kabuku kamene kamakhala poyera aliyense kuwerenga, mafotokope a ma ID amangotayidwa mpaka ena umawapeza akulungira zitumbuwa, nthawi ya kampeni tinkalandira mameseji a andale osadziwa kuti nambala zathu anazitenga kuti. Ine pano foni ndinaika pasiwedi, WhatsApp ndinaika PIN ija ya two-step, ndipo mugulupu ndayambanso kulemba, mwaulemu, zoona zokhazokha zimene ndingathe kuziikira umboni, chifukwa tikangokhala chete tonse ndiye kuti taluza popanda wina kutimanga nkomwe. Nawenso uzilemba, kungoti zimene sunatsimikize usamaponye, iwe uli kutali koma ma admin ali konkuno. Phungu wathu akabwera pa msonkhano wa ADC, komiti ya chitukuko ya m'dera lathu, ndikufuna ndikamufunse pamaso pa anthu kuti ndani amapereka chilolezo chomvetsera foni ya munthu m'dziko muno, ndipo nyumba ya malamulo imalandira lipoti lanji pa zimenezi.

Pomaliza pali nkhani ya kwanu imene ikufunika iweyo. Mlongo wako wandiuza kuti ID ya mayi ili ndi venda wina, anaitenga nyengo ya fetereza yapitayi atawapatsa kandalama pang'ono ndipo mpaka pano sanabweze. Ndi ID imeneyo munthu atha kulembetsa simu m'dzina lawo nkuberapo anthu, apolisi pofufuza adzafikira pakhomo pa mayi. Iwo akuchita manyazi kuyankhula, ndiye uwaimbire Lamulungu lino uwalimbitse mtima, akavomera ine ndiwaperekeza kwa amfumu, zikakanika tipita kupolisi kukanena kenako ku boma kwa a NRB kukapempha ina. Undiuze msanga zimene mwagwirizana, upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako,
Chikondi