Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: ophunzira akuchuluka ku MUBAS, koma akugona kuti?

Olemekezeka a Nduna,

Chaka chilichonse bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE likatulutsa mayina a ana amene asankhidwa kupita kumayunivesite a boma, pa wailesi pamamveka mawu achimwemwe akuti chiwerengero chakwera. N'zoona, chakweradi. Ife a mu Blantyre timawaona anawo m'mamawa akuwoloka msewu wa Masauko Chipembere ndi zikwama kumsana kulowera ku yunivesite ya MUBAS (imene kale inali Poly), ena akutsika minibasi pa Ginnery Corner kupita ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Ndine mphunzitsi wa ku sekondale ndipo ena mwa iwo adadutsa m'manja mwanga, choncho kuchuluka kwawo kumandinyaditsa. Chandilembetsa kalatayi n'chakuti tikamasimba za kukweraku timadumpha zifukwa zake, ndipo chimodzi mwa zifukwazo akuluakulu sakonda kuchitchula pagulu.

Nkhaniyi idayambira kutali. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana olembetsa chidachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Ambiri adaphunzirira pansi pa mitengo, ambirinso adasiyira panjira, koma khomo lidatseguka. Chakumapeto kwa zaka zomwezo malo a maphunziro a patali a MCDE adasandutsidwa sukulu zoyendera za CDSS, ndipo sekondale idafika m'madera amene kale kunalibe. Tsono tawerengani zaka, a Nduna. Mwana amene adalowa Sitandade 1 mu 1994 lero ndi bambo kapena mayi, ndipo mwana wake woyamba ndi amene akulemba mayeso a MSCE. Kholo limene lidalawako sukulu silivomera msanga kuti mwana wake alekezere pa Fomu 4. Onjezanipo zimene kalembera wa 2018 adapeza, kuti tidalipo 17.5 miliyoni ndipo theka la ife linali lisanakwanitse zaka 18, muona kuti khamu limene likugogoda pakhomo la yunivesite lidzakula ngakhale pasamangidwe kalasi ndi imodzi yomwe.

Atsikana nawonso akufika pa Fomu 4 ambiri kuposa kale. Lamulo lolola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu, komanso kukweza zaka zokwatiwira kufika pa 18, kumene kudalowa m'malamulo akulu a dziko mu 2017, zasunga m'kalasi ana amene kale akadakhala pabanja. Apa palibe chodandaula.

Ena amati kutha kwa kota (kusankha ophunzira potengera maboma amene akuchokera) mu 2020 ndiye kudachulukitsa ophunzira. Ayi. Kota inkangoona za amene alowe, osati kuchuluka kwa malo, ndiye tiyisiye pambali.

Chifukwa china chili m'misewu ya mzinda uno. Kale munthu wa satifiketi ya Fomu 4, ngakhale ya JC, ankatha kulowa ntchito ku David Whitehead kapena m'makampani a ku Makata ndi Ginnery Corner n'kulera banja mpaka kupuma. Lero tsegulani nyuzipepala muone: ntchito ya ukalaliki akufuna dipuloma, ntchito imene kale ankagwira wa dipuloma akufuna digiri. N'chifukwa chake makalasi a madzulo ndi a kumapeto kwa sabata akudzaza ndi anthu ogwira ntchito m'mabanki, m'maofesi a boma ndi m'mabungwe, amene akuopa kuti mwana wobwera ndi pepala lake awadumpha. Ana ambirinso amathamangira ku yunivesite chifukwa njira ina saiona. Makoleji a ntchito zamanja ngati Soche Technical ali ndi malo ochepa, ndipo ife aphunzitsi ndi makolo tidazolowera kuwaonetsa ngati kothawira amene mapointi awo sadayende bwino. Chiwerengero chokwera chifukwa cha kusowa kolowera sichofanana ndi chokwera chifukwa chakuti dziko likufuna mainjiniya ambiri, ngakhale pa pepala manambala ake amaoneka chimodzimodzi.

Kugawidwa kwa Yunivesite ya Malawi nako kudathandiza. Kuyambira mu May 2021 Poly idaima payokha n'kukhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo Zomba idatsala ndi dzina lakale. Sukulu yoima payokha imatsegula maphunziro atsopano mosadikira chilolezo cha ku Zomba. Komanso, tinene zoona, imafuna ndalama. Thandizo lochokera ku Capital Hill likamachepa poyerekeza ndi zofunika, wophunzira aliyense wowonjezera ndi fizi yowonjezera, makamaka amene amaphunzira madzulo kapena patali pa ODeL.

Koma chachikulu ndi ichi. Yunivesite ya Malawi itatsegulidwa ku Chichiri mu 1965 idayamba ndi ophunzira 90. Nthawi imeneyo, ndi kwa zaka zambiri zotsatira, kusankhidwa kunkatanthauza bedi, chakudya cha ku kafeteriya ndi kandalama ka m'thumba. Ophunzira ankakhala ochepa chifukwa mabedi anali ochepa, ndipo ana anzeru ambirimbiri ankatsala kunja. Ili linali vuto lenileni. Poyamba lidathetsedwa ndi ophunzira odzilipirira amene tinkawatcha a parallel, kenako kusiyanitsako kudachotsedwa, ndipo kusankhidwa kudalekana ndi malo ogona. Kuchokera pamenepo mwana amapatsidwa malo m'kalasi, zakogona ndi zakudya adzionere. Ichi ndiye chidakweza chiwerengero mofulumira, ndipo chidatero popanda boma kutulutsa ndalama zofanana ndi kukulako. Zili ngati kondakitala amene akukweza anthu anayianayi pampando wa atatu: okwera achuluka, ndalama zachuluka, koma minibasi ndi yomwe ija.

Sindikunena kuti tibwerere ku mabedi owerengeka. Mwana wa ku CDSS ya ku Chileka kapena ku Lunzu amene lero akuphunzira uinjiniya, kale akadakhala pakhomo. Chomwe ndikunena n'chakuti katundu amene boma lidatula sadasowe, adangogwera ena. Adagwera makolo, ndi matauni a Chitawira, Naperi, Nkolokosa, Zingwangwa, Manja ndi Ndirande, kumene mabozikota, makhitchini ndi zipinda zodula ndi pulaiwudi zasanduka mahositelo. Alandilodi salipiritsanso pa chipinda, amalipiritsa pa bedi. Ena amasamala nyumba zawo, sitingawanene onse. Koma funso n'lakuti ndani amayendera nyumbazi kuti aone ngati chimbudzi chikukwanira anthu onsewo, ngati mawaya a magetsi ali bwino, ngati chitseko cha atsikana chimakhomeka. Mzinda uno udaona kolera ya 2022 ndi 2023, udaonanso zimene namondwe wa Freddy adachita ku Chilobwe ndi ku Manja mu March 2023. Tikudziwa chimene chimachitika anthu akathithikana m'nyumba zosayang'aniridwa.

Ndiye pali ulendo wa usiku. Wophunzira amene laibulale ndiye malo okhawo amene angapezeko magetsi, intaneti ndi bata, amachoka kusukulu kutada, laputopu ili kumsana. Alipire kabaza ndi ndalama ya ndiwo, kapena ayende wapansi mumdima. Atsikana ambiri amangosankha kusawerenga usiku. Amene ali m'hositelo ya pasukulu ndi amene ali ku Ndirande amalemba mayeso amodzi, koma sadakonzekere mofanana.

Ngongole ya bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira la HESLGB, limene lidakhazikitsidwa mu 2015, ndiye imayenera kutseka dzenjeli. Yathandiza ambiri, osatsutsa. Koma kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, idagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo lendi, ufa, makala ndi mtengo wa minibasi zidakwera nthawi yomweyo osadikira kuti bodi ya bungweli ikumane. Wophunzira wa ngongole amafika pakati pa semesita ali chimanjamanja. Ena amayamba geni ya kaunjika kapena ya mandasi, ena amadya kamodzi pa tsiku, ena amabwerera kumudzi mwakachetechete. Pa tsiku lolengeza osankhidwa onsewa adawerengedwa. Pa tsiku limene adasiya palibe adalengeza.

M'kalasi namo nkhani ndi yomweyo. Maphunziro a zamalonda mwina mungawaphunzitse anthu ambiri m'holo imodzi ndi maikolofoni. Uinjiniya, zomangamanga ndi zaumoyo sizitheka choncho. Zimafuna kuti wophunzira aliyense agwire makina ndi manja ake, ayeze yekha mu labu, aime pafupi ndi wodwala ku Queens pamaso pa womuyang'anira. Gulu likakula koma makina ndi omwewo, mmodzi amagwira, ena amaonerera n'kukopera zotsatira. Mphunzitsi amene akuchonga mapepala mazanamazana sangachite kafukufuku, sangamudziwe wophunzira wake ndi dzina. Masomphenya a Malawi 2063 akukamba za mafakitale, ndipo mafakitale amafuna anthu amene adagwirapo zida, osati amene adaziona pa bolodi.

Zopempha zanga n'zochepa, a Nduna, ndipo choyamba sichifuna ndalama. Polengeza chiwerengero cha osankhidwa, lengezaninso kuti pa yunivesite iliyonse pali mabedi angati, aphunzitsi angati, ndiponso kuti mwa amene adalowa zaka zinayi kapena zisanu zapitazo ndi angati amaliza, ndi angati adasiya chifukwa cha fizi kapena kusowa pokhala. Manambalawa ali m'maofesi a marejisitilala, angofunika kutulutsidwa. Tikawaona tidzadziwa ngati tikukuladi kapena tikungodzaza.

Ndikupemphanso kuti unduna wanu, mayunivesite ndi khonsolo ya mzinda wa Blantyre mukhale pansi pa nkhani ya nyumba za ophunzira. Pakhale kaundula wa nyumba zovomerezeka, zoyenderedwa, kuti kholo la ku Nsanje kapena ku Chitipa lisamatumize mwana kwa munthu amene langomupeza pa WhatsApp. Za mahositelo omangidwa mothandizana ndi makampani tazimva kwa zaka zambiri. Mabungwe osunga ndalama za penshoni amamanga maofesi ndi mashopu mumzinda muno. Apatseni malo ndi mgwirizano womveka kuti amangeko zogona za ophunzira pa mtengo umene mwana wa ngongole angakwanitse. Ndalama ya upkeep, ngongole yothandizira wophunzira pa zakudya ndi zogona, nayo izionedwanso chaka ndi chaka molingana ndi mitengo ya pamsika, ndipo izifika semesita ikamayamba, chifukwa landilodi safuna kumva kuti bodi ikadakonza mayina.

Ana amene ndikuwaphunzitsa chaka chino ali kalikiliki kusaka makirediti asanu ndi limodzi ndi mapointi ochepa, ndipo ena mwa iwo adzasankhidwa. Makolo awo akadzabwera kudzandifunsa kuti mwana akagona kuti, akadya chiyani, ndipo zonse pamodzi zidzafuna ndalama zingati pa chaka, ndikufuna ndidzawayankhe ndi manambala ochokera ku unduna wanu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa ku sekondale,
Blantyre