Dandaulo lokhudza admin lisamaweruzidwe ndi admin yemweyo

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo za ma admin a magulu a pa WhatsApp: a mpingo, a makolo a pasukulu, a banki mkhonde. Anthuwa salipidwa, bandulo amagula ndi ndalama zawo, ndipo timawayamikira. Koma gulu limodzi limatha kukhala ndi anthu 1,024, ndipo admin ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa wina aliyense komanso kuchotsa munthu. Akalakwitsa, wolakwiridwa amakadandaula kwa ndani? M'magulu ambiri amalemba pagulu pomwepo, anthu n'kugawikana, admin wodandaulidwayo n'kumuchotsa. Wochotsedwa sangabwerere ndi linki, mpaka admin wina amuitane. Ndiye kuti woimbidwa mlandu waweruza yekha mlandu wake.

Gulu lililonse lisankhe anthu awiri omvera madandaulo, omwe si ma admin, ndipo mayina awo alembedwe pamalo ofotokozera za gulu, pamodzi ndi malamulo. Awiri, chifukwa mmodzi akhoza kukhala mnzake wa admin kapena mlamu wake. Dandaulo lipite kwa iwo ku inbox ndipo linene zinthu zitatu: chomwe chachitika, tsiku ndi nthawi, ndi lamulo lomwe laphwanyidwa.

Pa umboni m'pomwe milandu yambiri imafera. Admin akafufuta uthenga, pamangotsala mawu osonyeza kuti wafufuta ndi iyeyo, koma zomwe zinalembedwa sizionekanso. Ngati gulu linatchera kuti mauthenga azifufutika okha pakatha maola 24 kapena masiku 7, nkhani yonse imasowa isanamvedwe. Choncho wodandaula ajambule screenshot msanga, yoonetsa mauthenga a m'mbuyo ndi a patsogolo. Screenshot yodula, yoonetsa mzere umodzi, isalandiridwe, chifukwa imabisa amene anayamba chipongwe. Nayenso admin azijambula uthenga asanaufufute. Kumeneko n'kudziteteza.

Omvera madandaulo ayankhe m'masiku atatu kuti alandira, amve mbali ya admin payekha, ndipo agamule sabata isanathe. Ikadutsa sabata, nkhani imakhala itafalikira kale m'timagulu tam'mbali. M'masiku amenewo admin wodandaulidwa asakhudze mauthenga a wodandaula.

Funso loyamba likhale ili: kodi munthuyu akudana ndi lamulo, kapena ndi momwe admin walitsatira? Amene admin wamufufutira malonda pomwe gulu linaletsa malonda alibe mlandu ndi admin, akapemphe gulu lisinthe lamulo. Koma ngati malonda a mkazi wa tcheyamani amasiyidwa, a ena n'kumafufutidwa, kumeneko n'kukondera, ndipo dandaulo lotere ndi lomwe timaliona kuti ndi lolemera koposa.

Chilango chikhale chokwera pang'onopang'ono. Koyamba, admin achenjezedwe mseri ndipo wochotsedwa abwezeredwe. Akabwereza, achotsedwe pa u-admin koma akhalebe membala. WhatsApp imalola zimenezi. Gulu liuzidwe chigamulo mwachidule, popanda kutchula wodandaula ngati iye sakufuna. Ndipo dandaulo likapezeka lopanda pake, zinenedwenso poyera, kuti wogwira ntchito yaulere asatsale ndi mbiri yoipa.

Zoopseza, kutukwana kosalekeza ndi kufalitsa zithunzi zamseri za munthu si nkhani za komiti. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ena kudzera pa intaneti, ndipo zotere zipite kupolisi.

Chovuta china n'chakuti munthu amene anatsegula gulu sangachotsedwe ndi ma admin anzake, pokhapokha atatuluka yekha. Mpingo kapena sukulu igwiritse ntchito nambala ya bungwe potsegula gulu, osati ya munthu. Ngati gulu linatsegulidwa kale ndi nambala ya munthu ndipo iyeyo akukana chigamulo, chotsala n'kutsegula gulu latsopano ndi kusamutsa mamembala.

Owerenga anu,
Zomba