Mbewu zopirira mchere zifike kwa alimi

Akonzi,

Kafukufuku wa momwe zomera zimapiririra mchere ayenera kuthandizidwa mokwanira, ndipo nkhani yomwe munalemba yokhudza kafukufukuyu sinamupatse ulemu womuyenera.

Ife olima mothirira timaudziwa mchere. Dothi limayera pamwamba ngati pawazidwa phulusa, nsonga za masamba zimapsa, mbewu n'kumafota nthaka ili chinyowere. Chimandipweteka n'choti ambiri amathamangira kuwonjezera feteleza, osadziwa kuti akukulitsa vuto.

Komatu zomera zili ndi chitetezo chake. Maselo, tizigawo ting'onoting'ono tomwe timapanga chomera, ali ndi tizikopa kunja ndi mkati, ndipo pa tizikopato pali mapuloteni osankha cholowa ndi chotuluka. Puloteni yotchedwa SOS1 imatulutsa sodiyamu, yemwe ndi gawo la mchere, m'maselo a mizu. Ya NHX1 imamutsekera m'kathumba ka mkati mwa selo kuti asawononge kanthu. Yondichititsa chidwi kwambiri ndi HKT1, yomwe imachotsa sodiyamu m'madzi okwera kumasamba, asanafike komwe chomera chimapangira chakudya. Ku Australia, akatswiri anatenga jini (kachinthu ka m'selo konyamula chibadwa) ya puloteni ya mtundu umenewu kwa tirigu wamakedzana n'kuilowetsa mu tirigu wa durum, wopangira makaroni, pongokwatitsa mbewu, ndipo mu 2012 analengeza kuti zokolola pa nthaka yamchere zakwera ndi 25 peresenti. Kodi phindu lotere n'lopeputsa?

Ndikupempha maboma ndi mabungwe a zaulimi aike ndalama pa kafukufukuyu ndipo mbewu zotere ziziyesedwa m'minda ya alimi eniake. Alangizi nawo aziyeza mchere m'dothi ndi m'madzi othirira, n'kutiphunzitsa kukumba ngalande zotsitsa madzi, chifukwa ngakhale mbewu yopirira ili ndi malire ake.

Mlimi wokhudzidwa