Kalata yopita ku Leeds: Axio kapena Sylphy?

Amwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Highfield, mu Harare, tilipo, kungoti mvula yatikumbira maenje m'misewu monse.

Za galimoto yomwe mukufuna kugulira amayi ndi achemwali anu ija, ndayendayenda kwa ogulitsa, ndacheza ndi amakaniko a ku Gazaland konkuno ku Highfield, ndipo ine ndikuti tengani Toyota Axio.

Koma ndisakunamizeni, Nissan Sylphy imakoma kukwera. Injini yake ndi ya malita 1.8 pomwe Axio zambiri kuno ndi za 1.5. Kuchokera pa tayala lakutsogolo kufika pa lakumbuyo, Sylphy imaposa inzakeyo ndi masentimita 10. Mungati n'zochepa, komatu wokhala kumbuyo amatambasula miyendo bwinobwino, ndipo buti yake imameza katundu yense wa ulendo wa ku Blantyre wodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete. Amayi atangoikwera kamodzi, Axio sangaifunenso, ndiye musawaonetse.

Nkhani imasintha tsiku lomwe galimoto yafa. Zonse ziwiri zili ndi giyabokosi ya otomatiki yotchedwa CVT, koma mukangotchula ya Nissan, makaniko amayamba wapukusa mutu asanakuuzeni mtengo. Zipangizo za Axio zili mbwee mumsewu wa Kaguvi, zatsopano ndi zakale zomwe, chifukwa zambiri zimalowana ndi za Toyota Fielder, ndipo ma Fielder atidzadza muno mu Harare. Za Sylphy zimapezeka ndithu, koma uyambe wazungulira kaye, mwinanso kudikira zochokera ku South Africa. Achemwali anu ndi aphunzitsi. Nthawi yoyendayenda m'magalaja aitenga kuti? Axio simwanso petulo wambiri, ndipo mukadzafuna kuigulitsa, a matakisi adzailimbirana.

Chenjerani ndi chaka. Kuyambira 2021 boma la Zimbabwe linaletsa kulowetsa magalimoto akale omwe apitirira zaka 10 chipangidwire, ndiye musakopeke ndi zotchipa za pa intaneti n'kudzavutana ndi a ZIMRA, otolera msonkho aja, pachipata cha Beitbridge. Musanalipire, nditumizireni zithunzi ndi nambala ya chasisi pa WhatsApp kuti nditsimikize chaka chake. Muikenso padera ndalama ya msonkho, inshuwalansi ndi laisensi ya ku ZINARA, bungwe loona za misewu.

Amayi ndinawaona Lamlungu kutchalitchi, mwendo uja ukuchira. Mupereke moni kwa alamu.

Ndine mnzanu,
wa ku Highfield