Kwa mwana wanga wolemba filimu

Mwana wanga,

Mapepala unatumiza pa basi aja ndawawerenga onse, usiku uwiri, amayi ako akudandaula kuti ndikutha mabatire a tochi. Nkhani ya mayi wogulitsa usipa ija yandigwira mtima. Koma bwanji akulankhula Chingerezi? Ndinachita kuwamasulira amayi ako, ndipo nthabwala zako zonse zinafera m'kamwa mwanga. Iwo anangoti, "Ndiye zatha?"

Pa foni unati pa zaka 34 wachedwa kale. Ukudziwa kuti Ousmane Sembène wa ku Senegal anayamba liti? Anabadwa mu 1923 ku Ziguinchor, mwana wa msodzi, ndipo sukulu sanapite nayo patali. Anamangapo nyumba, anakhalapo msilikali wa Afalansa, kenako n'kumanyamula katundu padoko la Marseille. Kumeneko ndi kumene anayamba kulemba mabuku. Koma mabukuwo anali m'Chifalansa, ndipo anthu akwawo ambiri sankatha kuwawerenga. N'chifukwa chake anapita ku Moscow kukaphunzira zojambula filimu, zaka 40 zili pafupi. Yoyamba kudziwika, Borom Sarret ya mu 1963, ndi ya mphindi pafupifupi 20 zokha: munthu ndi ngolo yake ya hatchi, tsiku limodzi mu Dakar. Yomaliza, Moolaadé, inalandira mphoto pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 2004, iye ali ndi zaka 81.

Imene ndikufuna uionere ndi Mandabi ya mu 1968, yomwe anaijambula m'Chiwolof, chiyankhulo cha anthu ambiri ku Senegal. Bambo wina alandira ndalama ya papositi kuchokera kwa mwana wa mlongo wake ku Paris, koma kuti aitenge akufunika chiphaso, kuti apeze chiphaso akufunika kalata ya kubadwa, basi kuzungulira, angongole ali kale pakhomo. Ine zimenezi zinandichitikirapo ndi ndalama imene malume ako anatumiza ali ku Joni. Ndinayenda maulendo atatu pa njinga, kalaliki akungoti dzina silikugwirizana chifukwa cha chilembo chimodzi. Chiwolof sindichidziwa, koma bamboyo ndinamumva bwinobwino. Sembène ankayenda nawo mafilimu ake m'midzi, n'kukhala pansi kumva anthu akukangana za zimene aona.

Za kusiya ntchito, usafulumire. Kamera siidya nsima, koma ana ako amadya, ndipo ochita sewero nawo adzafuna ya thiransipoti. Jambula kaye kachidutswa ka kumsika kaja Loweruka ndi Lamlungu, m'Chichewa chimene mayi wa usipa angatukwanire nacho kasitomala wokana kulipira.

Ukamaliza ubwere nako pa Khirisimasi. Ndalankhula kale ndi mnyamata wa vidiyo sho pa sitolo paja, wavomera kutibwereka sikirini ndi jenereta. Mafuta ndigula ine. Amayi ako akuti ubweretsenso shuga.

Ndine bambo ako.