Tisanagule laputopu ya kaunjika tiziyamba tafunsa za Windows 11

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko pa nkhani imene ndikuona kuti anthu ambiri ogula makompyuta kuno kwathu sakuidziwa, komanso amene akuidziwa, makamaka ogulitsa, angoti ziii chifukwa akayankhula malonda awo aima. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Sikuti kompyuta yanu izima ayi, iyaka bwinobwino ngati kale, koma zigamba zotseka mipata yomwe akuba a pa intaneti amalowera sizikubweranso. Amene akufuna kupitiriza kulandira zigambazo alowe mu pulogalamu yawo yowonjezera nthawi ya zigamba yotchedwa ESU, yomwe kwa munthu wamba ndi madola 30 kapena ulumikize kompyuta ku akaunti ya Microsoft, ndipo nayonso ithera mu Okutobala 2026. Ndiye ndi vuto la forex lilipoli, ndani angapeze khadi yolipirira madola 30 chifukwa cha zigamba zosaoneka ndi maso?

Mwina wina anena kuti ndiye tingoika Windows 11 basi. Apa ndi pamene pagona nkhani. Windows 11 simalowa pa kompyuta iliyonse, imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel ya generation 8, kutanthauza m'badwo wachisanu ndi chitatu, kupita mtsogolo, kapena ya AMD kuyambira Ryzen 2000. Tsono taonani malaputopu amene adzaza m'mashopu a mu Limbe ndi ku Lilongwe, awa amati ex-UK, ambiri ndi ma HP EliteBook 840 G3, ma Dell Latitude E7470, ma ThinkPad T460, onsewa ndi a generation 6. Mukuganiza kuti azungu akuwatayiranji ambiri chonchi nthawi imodzi? Maofesi awo akusintha chifukwa cha Windows 11 yomweyi, ndiye katundu amene iwo wawatsalira m'manja ndi amene akutsikira kuno, ife nkumaombera m'manja kuti tapeza Core i7 yotchipa.

Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndipo chimandiwawa ndi choti wogulitsa amangokuuza kuti "bwana iyi ndi Core i5, yamphamvu heavy" osakuuza kuti ndi i5 ya chaka chanji. Kudziwa kwake nkosavuta. Tsegulani Settings, pitani pa System kenako About, muwerenge nambala ili kutsogolo kwa i5 kapena i7. Ikakhala i5-6300U, 6 woyambayo akutanthauza generation 6, Windows 11 siilola. Ikakhala i5-8250U ndiye muli bwino. Mayi wina anabwera ndi laputopu yomwe anagulira mwana wake wopita ku koleji, ili ndi Windows 11 ndithu, koma anyamata anachita kuikakamiza podumpha malamulo aja, pakona pansi palinso kamawu kotuwa koti Activate Windows. Zoikakamizazi zimatheka inde, koma Microsoft inanena poyera kuti makompyuta otere sikulonjeza kuti azilandira ma update, ndiye mayi uja anagula chinthu chomwe tsiku lina lililonse chitha kutsalira panjira, ndalama atapereka kale.

Koma sindikunena kuti makompyuta amenewa ndi zinyalala, ndipo apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anzanga ena a ntchitoyi amene amangouza kasitomala kuti gulani ina. ThinkPad ya 2016 yokhala ndi RAM ya 8GB ndi SSD ndi makina olimba kwabasi, itha kugwira ntchito zaka zina zambiri. Chofunika kusintha ndi operating system basi, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse ngati Windows. Pali Linux, imene Linus Torvalds wa ku Finland anayamba mu 1991, ndi yaulere, palibe za layisensi kapena zokiraka (kubera layisensi). Anthu amaiopa ngati ndi ya akatswiri okhaokha pomwe foni ya Android ili m'thumba mwawo mkati mwake muli Linux yemweyo. Mtundu umodzi wotchuka ndi Ubuntu, yomwe anayambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, koma kwa munthu amene wazolowera Windows ine ndimakonda kumuikira Linux Mint chifukwa menu yake ili pansi kumanzere ngati mmene anazolowera, ndipo Mint 22 azidzaisamalira mpaka 2029. Imabwera kale ndi Firefox ndi LibreOffice yolembera ma assignment ndi kutsegula mafayilo a Word ndi Excel. Chabwino china nchoti mutha kuiyesa kuchokera pa flash osafufuta kalikonse, mukaona kuti Wi-Fi, sound ndi pulinta zikugwira ndiye muziika.

Ndisanamize anthu, Linux si ya aliyense. Ngati mumadya za CorelDRAW kapena Photoshop, muja amapangira ma banner ndi makadi a ukwati, kapena AutoCAD, kapena ofesi yanu imayendera pulogalamu ya akaunti ya pa Windows, khalani pa Windows ndipo sungani ndalama mugule makina oyenera. Nthawi zina fayilo ya Word yokhala ndi matebulo ambiri imasokonekera pang'ono mu LibreOffice, ndiye CV muzitumiza ngati PDF. Za MacBook sindinenapo zambiri, ndi zabwino batire imakhalitsa kuyambira pomwe a Apple anatulutsa purosesa ya M1 mu 2020, koma mtengo wake ndi wa anthu ena, komanso ikawonongeka sipeya wake mukamupeza kuti? Koma mwana wa sukulu, mphunzitsi, mlembi wa mpingo, munthu wa kabizinesi amene ntchito yake ndi kulemba, imelo, Zoom, YouTube ndi WhatsApp Web, ameneyu Windows 11 akuifuniranji kwenikweni?

Komwe makampani akuluakuluwa akulowera sikoganizira ife ayi. Mu 2024 Microsoft inabweretsa ma Copilot+ PC, makompyuta a AI ofuna RAM yosachepera 16GB ndi chipu chapadera, ndipo Windows 11 poiika imafuna intaneti ndi akaunti, chilichonse akukankhira ku cloud ndi kulipira mwezi ndi mwezi. Zimenezo zimayenda kumene intaneti ili ngati madzi a pampopi, osati kuno komwe bandulo timachita kuiwerengera ndipo update imodzi ikhoza kumaliza data ya sabata yonse usiku umodzi, magetsi nkuzimanso ili pakati.

Ena amati ife amphawi akuba a pa intaneti atibera chani. Kumbukirani vairasi ya WannaCry mu 2017, inalowera pa makompyuta a Windows osalandira zigamba mpaka zipatala za NHS ku Britain zinabweza odwala. Masiku ano pa laputopu timalowa ku banki, timasunga ma ID ndi masatifiketi, masukulu amasungapo mayina ndi magiredi a ana, ndipo flash imodzi imazungulira ofesi yonse.

Pempho langa likupita ku boma ndi masukulu. Dera la Schleswig-Holstein ku Germany, anthu a ndalama zawo, linaganiza zosamutsa makompyuta a boma pafupifupi 30,000 kupita ku LibreOffice ndi Linux. Nanga ife tikulimbikira chani kuphunzitsa ana Computer Studies ngati kuti kompyuta ndi Microsoft Word basi? Ma lab a m'masekondale omwe analandira makompyuta a chithandizo aikidwe Linux m'malo mowaunjika mu stores kuti atha ntchito, ndipo makoleji a zaluso aziphunzitsa anyamata ndi atsikana kuika ndi kukonza zonse ziwiri, Windows ndi Linux. A bungwe loona za ufulu wa ogula nawonso ayendereko mashopuwa, wogulitsa azilemba generation ya purosesa pa mtengo pomwepo kuti munthu azidziwa chomwe akugula.

Wokonza makompyuta,
Zomba